Zida zosokera chikopa patatha chaka ndi miyezi, zomwe zatsala patebulo ndi zomwe zapita mubokosi

Patebulo panga pano patsala zida zochepa kwambiri kuyerekeza ndi mmene ndinkayambira, ndipo sindinachite kukonza kuti zichepe chonchi ayi, zinangochitika zokha, chida chomwe sukuchigwira chimasunthira kumapeto kwa tebulo pang'onopang'ono kenaka mubokosi basi osatulukamonso. Nditangogula seti yoyamba ija, ya zidutswa zambirimbiri mu kachikwama kamodzi yopanda ndi dzina lomwe la kampani, ndinanena kuti kwa munthu woyamba ndi yokwanira ndipo zida zodula ndi za anthu osoka zogulitsa. Theka la mawu amenewo ndikadali nalo. Theka linalo nde lomwe ndikufuna ndifotokoze apa, poti tsopano ndasoka mawaleti, timatumba ta makhadi, malamba ndi zikwama zing'onozing'ono, ndipo zina mwa izo zakhala m'matumba mwa anthu nthawi yokwanira kuti zionetse khalidwe lake lenileni.

Mu seti ija zomwe zikugwirabe ntchito mpaka lero ndi wing divider, kachida ka miyendo iwiri kolembera mzere wa msoko motsatira m'mphepete, kamtengo kotikitira m'mphepete kokhala ndi mipata kaja, ndi kafupa kopindira. Zimenezi zilibe poti zibunthe, nde olo zitchipe bwanji zimagwira ntchito chimodzimodzi, divider bola sikuluu yake izimanga osamasuka uli mkati molemba mzere. Zinazo ndi nkhani ina. Groover, kachida kosemera kangalande kogonamo ulusi, inabuntha masabata oyambirira omwe, m'malo mosema kamzere kosalala inkangokanda chikopa n'kusiya zinyenyeswa, komanso pa zinthu zing'onozing'ono ngati waleti groover siifunika n'komwe, chikopa cha 1.2mm ukachisema ngalande ndekuti ukuchotsa mbali yake yolimba kwambiri, yakumaso ija, pamalo pomwe ulusi ukufunika ugwire. Mzere wa divider ndi wokwanira. Choboolera chozungulira chokhala ngati pulayazi chija chinapindika pakamwa chitangokumana ndi lamba, pano ndimagwiritsa ma punch omenya ndi hamala, saizi iliyonse payokha. Ulusi wa mu seti wonenepa zedi, phula lake lambiri lomata m'zala n'kumadetsa chikopa, singano zake zakuthwa kunsonga zomwe zimalasa ulusi unzake mkati mwa bowo. Zonsezo zili mubokosi.

Pomwe kusiyana kwa chotchipa ndi chabwino kumaonekera osachita kufunsa ndi pa zitsulo zoboolera mabowo a msoko. Zilipo za mitundu iwiri ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Pali diamond chisel, mano ake amasiya bowo lotseguka bwino la makona anayi, singano imangodutsa osalimbana nayo, ndipo munthu woyamba ndingamuuze ayambire pamenepa, za ku Japan ngati za Seiwa kapena Craft Sha sizodula kwenikweni koma zimagwira ntchito bwinobwino. Kenaka pali ma pricking iron a chi French, mano ake opyapyala opendekeka, amasiya kamng'alu kochepa osati bowo loti yasaa, ndipo ndi amenewa amatulutsa msoko wopendekeka uja timausirira pa zikwama zodula. Akale enieni ngati a Vergez Blanchard a ku France anapangidwa kuti azingolemba malo basi, kuboola kwenikweni umachita ndi awl, kachitsulo kosongoka kobayira ndi dzanja, bowo limodzilimodzi uku ukusoka. Amakono ngati a KS Blade Punch ndi Sinabroks a ku Korea amaboola mpaka kuseri, ndipo dzino likathyoka limasinthidwa lokhalo osataya chitsulo chonse.

Manambala ake, omwe ndi mtunda wa bowo ndi bowo mu mm, poyamba amazunguza mutu, 3.0, 3.38, 3.85, munthu n'kumadabwa kuti bwanji osangoti 3 ndi 4 zithe. Nkhani yake ndi yoti amawerengera pa inchi yakale ya ku France yomwe ndi 27.07mm, osati ya 25.4mm tinaizolowera ija, nde ukaigawa ka 8 umapeza 3.38, ukaigawa ka 9 ndi 3.0, ka 7 umafika cha pa 3.85. Ine ndakhazikika pa 3.38 pa mawaleti ndi 3.85 pa zikwama ndi malamba, ndipo pa saizi iliyonse zitsulo ziwiri zakwana, cha mano 2 cha m'makona ndi mokhota, ndi cha mano 8 cha mizere yowongoka. Za mano 4 ndi 6 zomwe amakonda kuphatikiza mu seti sizoipa koma dzanja silizifuna. Chinthu china choti muchenjere nacho pa ma diamond chisel, makampani ena amayeza kuchoka pa nsonga ya dzino kufika pa nsonga inzake, ena amayeza mpata wa pakati pa mano, nde 4mm ya uyu si 4mm ya uyo, musasakanize makampani pa msoko umodzi.

Tsono chomwe mumalipira pa chitsulo chabwino si kuthwa kokha, ndi kusalala kwa mano. Cha mu seti chija ukachiyang'ana pafupi pa kuwala umaona timizere ta makina tikudutsa chopingasa pa dzino lililonse, nde ukachimenya pa zikopa ziwiri zomatidwa chimalowa ndithu koma kutuluka nde nkhondo, umachigwedeza uku ndi uku, chikopa chimatukuka n'kutambasuka, mabowo amakula mosiyanasiyana, ndipo tsiku lina dzino lakumapeto limapindika. Changa chinapindika chonchi. Chosalala umangotenga kathabwa n'kukanikiza chikopa m'mbali mwa mano, kukoka chitsulo chowongoka m'mwamba, chatuluka. Ngati ndalama sizikulola, chotchipacho chimatheka kuchikonzako, kulungani sandipepa ya 600 pa rula yachitsulo yopyapyala muzilowetsa pakati pa mano, kenaka ya 1000 yomwe ndi yosalala kuposa, mpaka timizere tija titafafanizika, ndipo musanamenye muzibaya mano pa phula la njuchi pakapita mabowo angapo. Zimathandiza heve koma ndi ntchito yotopetsa, ndipo chitsulo chofewa chikhalabe chofewa.

Pamenyedwe pake palinso nkhani. Kumaso mzere umatha kuoneka wowongoka bwinobwino koma ukatembenuza kuseri mabowo akuyenda zigizagi, ena pafupi ndi m'mphepete ena kutali, chifukwa chake n'chakuti chitsulo sichinaime chilili. Zimene zandithandiza ine ndi kuika chikopa moti mzere uziloza kwa ine, osati chopingasa, chifukwa ukatero diso limaona msanga ngati chitsulo chapendekera kumanzere kapena kumanja, kenaka dzino loyamba kulilowetsa mu bowo lomaliza lija kuti mpata usasinthe, n'kumenya kawiri katatu mofatsa osati kamodzi mwaukali. Ukatsala pang'ono kufika pakona usamenye kaye, ingodinda mano mopepuka uone ngati bowo lomaliza ligwere pakona penipeni, likapanda kugwera umagawa kusiyanako pa mabowo angapo ndi cha mano 2 chija ndipo palibe angazindikire. Pansi pake pazikhala mwala wolemera wa granite, pamwamba pa mwala bolodi ya pulasitiki, pamwamba pa bolodi kachikopa kotsala. Mano asakumane ndi mwala olo kamodzi. Ndipo hamala ikhale ya pulasitiki kapena maul, chomenyera cha mutu wobulungira chija, yachitsulo imaphwanya mutu wa chida.

Ulusi nde wandiphunzitsa zambiri chifukwa ndi umene umaonetsa ukalamba wa chinthu. Ndagwiritsa kwambiri Ritza 25, ena amauti Tiger thread, wa ku Germany, wa polyester wolukidwa wophwatalala, umabwera uli ndi phula kale. Wa 0.6mm umagwirizana ndi mabowo a 3.38, wa 0.8mm ndi a 3.85 kapena 4, ukaika wa 0.8 pa mabowo oyandikana msoko umafufuma n'kutaya kupendekeka kuja. Katumba ka makhadi komwe ndinasoka ndi wa 0.6 kakhala m'thumba la thalauza miyezi yonseyi, kukhalidwa, thukuta, makiyi kukanda, koma ulusi uli chimodzimodzi, sunachite ubweya, mtundu sunasuluke. Ndayesanso linen wa Fil au Chinois wa ku France, manambala ake amayenda chobwerera, 632 ndi wopyapyala kuposa 532, 532 wopyapyala kuposa 432. Ameneyu ndi wobulungira ndipo kukongola kwake n'kwina, amakhala phee mu msoko, koma amafuna umupake phula wekha, ulusi ukatalika kwambiri umayamba kuchita ubweya usanafike kumapeto chifukwa chodutsa m'mabowo kambirimbiri, ndipo linen woyera pa chinthu cha m'thumba amada msanga, ndi chilengedwe chake. Nde pano wa polyester ndimaika pa zinthu zozunzika, linen pa zomwe ndikufuna munthu aziyang'ane kawiri. Pomaliza msoko amasiyananso, polyester umabwerera mabowo awiri kapena atatu, kudula, n'kuotcha kansonga ndi laitala kenaka kudinikiza, pomwe linen sasungunuka, amangopsa, nde umadula pafupi n'kudontheza kaguluu ndi nsonga ya singano.

Singano musavutike kuganiza, za John James za ku England zosokera zikopa, zobuntha kunsonga, saizi 004 pa ulusi wopyapyala ndi 002 pa wonenepako. Paketi imodzi imakhala nthawi yaitali, zimasowa pogwa pansi osati pothyoka. Ulusi ndimayeza kanayi kutalika kwa msoko n'kuonjezerako pang'ono, chikopa chikanenepa kasanu, ndipo singano ndimaitsekera polasa ulusi womwewo kawiri n'kukoka kuti isavuke pakati pa ntchito.

Kasokedwe kake, saddle stitch, ndi singano ziwiri pa ulusi umodzi, iliyonse ikudutsa bowo lililonse kuchokera mbali yake, nde ulusi ukaduka pamalo pamodzi unzake umagwirabe, sizimasuka mzere wonse ngati msoko wa makina. Pa intaneti mavidiyo ake ndi ambiri ndipo aliyense amati njira yake ndiyo yolondola, uyu ayambira kumanja uyu kumanzere, uyu amakoloweka ulusi pa singano asanakoke uyu sakoloweka. Zomwe ndaona ine n'zoti njira zambiri zimatulutsa msoko wabwino bola uzichita chinthu chimodzimodzi pa bowo lililonse, singano yomweyo iziyamba, yachiwiri izidutsa mbali yomweyo ya ulusi woyamba, kukoka ndi mphamvu yofanana. Ukangosintha pa bowo limodzi, kaya wina wakuitana kaya foni yalira, pamenepo pamaoneka mpaka kalekale, ulusi umodzi wagona chowongoka pakati pa anzake opendekeka. Kukoloweka kuja kumathandiza kuti kuseri nakonso kupendekeke, pa chikopa chonenepa pamafunika, pa chopyapyala pena kumaphwanya kupendekeka kwa kumaso, nde yesani kaye pa zotsala za chikopa chomwecho musanayambe. Mukamaliza menyani msoko wonse mopepuka ndi hamala yosalala kumutu, mabowo amatsekeka, ulusi umalowa pansi, msoko womwe umaoneka wamba umasintha nthawi yomweyo. Chopanira chamatabwa chija, stitching pony, poyamba ndinkachiona ngati chosafunika koma pano sindisoka popanda icho, manja onse awiri amakhala pa singano. Changa ndi chotchipa, ndinangomata zikopa pakamwa pake kuti chisamadinde ntchito.

Mipeni. Apa nde pomwe maganizo anga asinthira kwambiri, osati pa mtundu wa mpeni koma pa kunola. Chida chomwe ndimachigwira kuposa china chilichonse patebulo ndi strop, kathabwa komatidwa chikopa kopakidwa mankhwala onolera, compound yobiriwira ya chromium oxide, chinthu choti umapanga wekha ndi zotsala. Ndisanadule ndimakoka mpeni pamenepo kangapo mbali iliyonse, kukokera kumbuyo osati kukankhira kokuthwa, ndipo mkati mwa ntchito ndikangomva kuti wayamba kukoka chikopa ndimabwereranso. Olo timipeni tothyola ta Olfa tija, tatsopano kumene, ukatidutsitsa pa strop timathwa kuposa mmene tinabwerera ndipo timakhalitsa. Kunena zoona mizere yowongoka yambiri ndimadula ndi ameneyu ndi rula yachitsulo, kudutsa kawiri katatu mopepuka osati kukanikiza kamodzi, chifukwa ukakanikiza chikopa chimathawa pansi pa rula.

Mpeni wa chi Japan uja, wamakona wonoledwa mbali imodzi, ndi umene ndimapalira chikopa kuti chipyapyale m'mphepete. Unanditengera nthawi kuuzolowera poti podula umafunika uupendeketse pang'ono kuti m'mphepete mutuluke mowongoka, ukauimika chilili umadula chopendekeka. Koma pa kupala nde palibe wina. Umaika chikopa chafufumimba pa galasi kapena pa granite, mpeni uli pafupifupi chogona, n'kuukankha chotsetsereka uku ukuuyendetsa cham'mbali, ukakhala wakuthwa bwino umangomva kaphokoso kofewa ngati ukusenda sopo, kachikopa kopyapyala kakupindika pamwamba pa mpeni. Ukakhala wobuntha pang'ono pokha umakakamira, umaonjeza mphamvu, kenaka fwaa walumpha n'kudya pakati pa ntchito kapena chala. Anthu ambiri amene amati kupala n'kovuta vuto si dzanja lawo, mpeni wawo ndi womwe sunafike. Pa mwala wonolera ndimaupititsa mwa apo ndi apo, wa 1000 kenaka wa 6000, osaiwala kusalaza kuseri kwake kophwatalala, masiku ena onse strop yokha ikukwana. Chitsulo chake ndi cha carbon nde chimachita dzimbiri msanga mpweya ukakhala wachinyezi, ndikamaliza ndimaupukuta n'kupaka kamafuta pang'ono, ma pricking iron chimodzimodzi.

M'mphepete ndi momwe munthu wodziwa amayamba kuyang'ana akatenga waleti yako, ndipo ndi momwe mwandidyera nthawi yambiri. Beveler, kachida kosemera ngodya ya m'mphepete kuti mubulungire, ya mu seti inkalumpha n'kusiya mano m'mphepete, yomwe ndinagula payokha ya saizi yaying'ono imatulutsa kachingwe kamodzi kosaduka kuchoka pakona kufika pakona, ndipo nayonso imafuna kunola, ndimapaka compound pa kachingwe kolimba kapena m'mphepete mwa chikopa chonenepa n'kuikoka chobwerera. Beveler yaikulu pa chikopa chopyapyala siigwira, imangopinda chikopa. Koma chinsinsi chenicheni si beveler kapena mankhwala, ndi sandipepa. Zikopa ziwiri kapena zitatu zikamatidwa zimayenera zikhale ngati chimodzi usanapake chilichonse, nde ndimadula zidutswa zokulirapo pang'ono, kumata, n'kudulira limodzi zitamatidwa kale, kenaka sandipepa ya 400 yokulunga pa kathabwa kuti isabulungitse malo olakwika, beveler, ya 600, kupaka mankhwala osalazira m'mphepete otchedwa Tokonole pang'ono ndi chala, kudikira kanthawi kochepa ilowe, kutikita ndi kansalu ka kanvasi mpaka kutamveka kulira tswii ndi kutentha pang'ono. Ukayang'ana pa kuwala umaona timaenje ndi timizere totsala, umabwereranso ndi ya 800, kupakanso, kutikitanso. Ulendo wachitatu m'pamene pamabwera kunyezimira kuja.

Tokonole ndi wa Seiwa, wa madzi, alipo wopanda mtundu, wabulauni ndi wakuda, ine wopanda mtundu wandikwanira pa zonse. Kabotolo kamodzi kakadalipo mpaka pano poti pamafunika pang'ono kwambiri, ukachulutsa umasefukira kumaso kwa chikopa n'kusiya banga lomwe utoto sumalowanso. Gum tragacanth, mankhwala ena a ntchito yomweyi, ndinayesanso, amagwira, koma patapita miyezi m'mphepete mwa gum munayamba kuchita ubweya msanga kuposa mwa Tokonole. Ndipo ndinene chilungamo, kunyezimira kwa galasi komwe mumaona pa zithunzi sikukhalitsa m'thumba olo mupake chani, pakapita miyezi kumazirala n'kukhala kosalala chabe, m'makona mumayamba kufewa. Ubwino wake kukonza n'kosavuta, kasandipepa, kadontho, kansalu, zabwerera. Kamtengo kotikitira kaja ndimakagwiritsa pa malamba pokha, pa chikopa chopyapyala kamaphwanya m'mphepete n'kupanga kamlomo, kanvasi ndi amene amachita bwino.

Zonsezi zikugwira pa chikopa cha veg tan, chofufutidwa ndi makungwa ndi zomera zina, chomwe chimatenga masabata kapena miyezi kuti chipsye. Zikopa zambiri padziko ndi za chrome tan, zofufutidwa ndi mchere wa chromium m'tsiku limodzi kapena awiri, zofewa, zosaopa madzi kwambiri, ukadula pakati pake nthawi zambiri pamaoneka motuwira mwa buluu. Chimenechi olo utikite mpaka dzanja litope sichiwala, chimafuna penti wa m'mphepete ngati wa Fenice kapena Uniters, kupaka mopyapyala, kuuma, sandipepa, kupakanso, kangapo. Penti amaoneka bwino kwambiri tsiku loyamba koma pamalo popindika ndi pomwe amayesedwa, ngati sunayambe wakwecha bwino kuti agwire amasweka n'kumatuka. Zambiri zomwe anthu oyamba amadandaula kuti zida zawo sizikugwira, beveler ikukana, m'mphepete simukuwala, sitampa sikudinda, ukafunsitsa umapeza kuti agula zotsala za chrome tan zofewa zija. Chida chilibe mlandu pamenepo.

Kunenepa kwa chikopa ambiri amalemba mu ma oz, 1 oz ndi pafupifupi 0.4mm. Timatumba ta mkati mwa waleti 2 mpaka 3 oz, kunja 3 mpaka 4 oz, lamba 8 mpaka 10 oz. Waleti yosokedwa yonse ndi 4 oz ukaipinda imakhala chimtolo chosalowa m'thumba, nde kusankha kunenepa kolondola kumapulumutsa ntchito yopala yambiri. Ndiponso chikopa chimodzi sichofanana ponse, kumsana n'kolimba, kumimba n'kofewa ndipo kumatambasuka, lamba wodulidwa kumimba amatalika yekha n'kupindika.

Pa zikopa zomwe ndasoka, ziwiri za ku Tuscany ku Italy ndi zomwe ndaziona bwino zikukalamba. Buttero ya Walpier ndi yolimba, yosalala, imadulika mwaukhondo, m'mphepete imawala msanga, nde kwa wophunzira imapangitsa zida zako kuoneka zabwino kuposa mmene zilili. Imakandika ndi chikhadabo masiku oyamba koma zikande zambiri zimafafanizika ukatikita ndi chala, ndipo patapita miyezi yadera pang'ono n'kuyamba kunyezimira. Pueblo ya Badalassi Carlo imabwera yokhakhala ngati yokwechedwa dala, yosawala, koma ndi imene imasintha msanga, katumba komwe ndinapatsa mnzanga nditakaonanso sindinakazindikire, kada, kasalala, kakuwala pomwe zala zimagwira. Veg tan wosapaka utoto naye amada ndi dzuwa ndi mafuta a m'manja, kuchoka kotuwa kupita kofiirira, nde musamusiye pawindo china chake chili pamwamba, chimadindika chithunzi chake. Ndipo akakhala wonyowa asakhudzane ndi chitsulo, olo tizinyenyeswa ta ponolera mpeni, tannin, mankhwala a mu makungwa ofufutira aja, akakumana ndi chitsulo amasiya timadontho takuda, n'chifukwa chake ponolera ndi podulira panga ndi malo awiri osiyana.

Guluu ndinasiya wa fungo lamphamvu uja n'kupita ku wa madzi, Aquilim 315 wa Renia, kupaka mopyapyala mbali zonse ziwiri, kudikira aoneke mbee, kugunditsa, kumenya. Wagwira bwino ndipo mutu supweteka. Pomata kumaso kosalala kandani kaye ndi sandipepa kapena nsonga ya mpeni, apo ayi m'mphepete mudzatseguka kamzere pakati pa zikopa. Guluu wochuluka amaonekanso ngati kamzere kakuda m'mphepete ndipo sawala.

Za utoto sindikhalitsapo poti ndinasiya. Pro Dye wa Fiebing's amalowa bwino, koma kupaka wekha kuti mtundu ufanane ponse, kupukuta wotsala kuti usadetse zovala, kubwezeretsa mafuta a neatsfoot chifukwa chikopa chauma, kenaka kutseka pamwamba ndi mankhwala a Resolene osungunula ndi madzi, ndi ntchito ina payokha, ndipo kugula chikopa chopakidwa kale ku fakitale kumandipatsa zotsatira zabwino kuposa dzanja langa. Neatsfoot yemweyo pang'ono pokha, amadetsa chikopa ndipo ukachulutsa sabwerera, chimakhala lende. Masitampa odindira maluwa ndi swivel knife, kampeni kojambulira pa chikopa, nazonso zili mubokosi, osati kuti n'zoipa, kungoti ndi luso lina lofuna nthawi yake ndipo mtima wanga uli pa kusoka.

Nde wina atandifunsa lero kuti ayambe bwanji, seti ya zidutswa zambiri ija ndingamuuze aisiye, agule diamond chisel ziwiri za kampani yodziwika, singano, ulusi wa 0.6, kampeni kothyola, rula yachitsulo, divider, beveler imodzi yaying'ono, sandipepa, Tokonole, hamala ya pulasitiki, apange strop, ndalama yotsalayo aike pa veg tan wabwino osati zotsala zosadziwika. Ma pricking iron odula adikire mpaka msoko wake uzifanana bowo ndi bowo, chifukwa asanafike pamenepo chitsulo chodula chimangoonetsa poyera kusafanana kwa dzanja. Ine chomwe ndikulimbana nacho pano ndi awl, poti pa zikopa zonenepa ngati pomangira chogwirira cha chikwama chitsulo sichiboola mpaka kuseri bwinobwino, ndipo awl nayo imabwera yofuna kunola ndi kusalaza kaye isanalowe mwaulemu. Makina otenthetsera mzere m'mphepete aja ndawasirira kangapo koma ndaona kuti creaser wamba, kachitsulo kodindira mzerewo pamanja, wotenthetsa pa kalawi ka spirit akundikwanira pa zomwe ndimasoka, bola kuyesa kutentha kwake pa kachikopa kotsala kaye chifukwa akapsa kwambiri amasiya mzere wakuda wosachoka.